Milomo ya Nanazi

Nanazi sankayamba kanthu asananyambite milomo. Ukamufunsa funso, kalilime kankayamba katuluka, kupita kumanzere, kubwerera kumanja, kenako mawu. Powoloka msewu, chimodzimodzi. Ngakhale potukwana ankayamba wanyambita, moti omudziwa ankachiona chipongwe chikadali m'njira n'kuyambiratu kusuntha. Sikuti anabadwa nacho. Anachitengera ku lipenga. Woimba lipenga aliyense amanyowetsa milomo asanaike chitsulo pakamwa, ndipo iye anayamba kuimba akadali kamtsikana kosadziwa n'kuchapa komwe, mpaka lilime lake linasiya kusiyanitsa nthawi ya ntchito ndi nthawi yocheza.

Dzina la Nanazi analitola kusukulu. Kwa anzake ziphuphu zinabwera ngati alendo, n'kutsanzika. Kwa iye zinabwera ndi katundu yense n'kumanga nyumba: pamphumi, m'masaya, pachibwano, zina zofiira, zina zokhala ndi mitu yoyera, zina zobisala m'kati mwa khungu n'kumapweteka ngati dzino. Mnyamata wina m'kalasi anati nkhope yake ili ngati khungu la nanazi, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Mnyamatayo anapita kwawo mphuno ikuchucha magazi, koma dzinalo linatsala. Pofika pokhala mayi wodzilipirira yekha chipinda, ankaliyankha mosaganizira n'komwe.

Ankaimba m'bandi ya pa maukwati ndi pa maphwando a makampani. Ankayeserera nyimbo m'chipinda cha kuseri kwa shopu yomata matayala, momwe munkanunkha labala ndi thukuta. Mwini bandiyo, yemwe onse ankangowatchula kuti Abwana, kale ankaimba gitala, koma tsopano chida chokha chimene ankachigwira chinali foni. Lipenga lachiwiri linali la amalume ake a Nanazi, alongo awo a mayi ake, omwe anamuphunzitsa. Pamlomo wawo wa m'mwamba panali kachizindikiro kozungulira kamene chitsulo chinadinda pa zaka zonse za ntchito, ndipo ankakanyadira kuposa mmene msilikali anyadirira mendulo.

Aliyense m'bandimo ankadziwa kuti Nanazi anawapitirira kalekale amalume akewo. Amalume eniake ndiwo ankayamba kunena. Koma pa siteji malo ake anali kuseri kwa chisipika chachikulu cha kumanzere, pomwe munthu wokhala mu holo ankangoona kukamwa kwa lipenga ndi nsonga ya nsapato.

"Pamenepo ndi pamene mawu amamveka bwino," ankatero Abwana.

Panalibe ankawatsutsa, panalibenso ankawakhulupirira.

Tsiku lina atamaliza kuyeserera, Abwana anamukodola.

"Nanazi, tabwera udzaone."

Pafoni panali vidiyo ya bandi ina. Kutsogolo kunali mtsikana wovala diresi lonyezimira, akuimba lipenga, anthu atamuzungulira ndi mafoni m'mwamba.

"Ukumumva? Sakufika ndi theka lomwe la iwe. Koma taona mmene akumujambulira."

Nanazi ananyambita milomo. "Ndiye mundiike kutsogolo, Abwana."

"Ndi nkhope imeneyo? Mwanawe, akwati amalemba wojambula kuti zithunzi zawo adzaonetse zidzukulu. Sindikunyoza ayi, ndikunena za bizinesi. Konza apa," anazunguliza chala pankhope yawo, "diresi ndikugulira ndekha."

Madzulo ake anaimbira foni achemwali ake, omwe anali ndi saluni m'tauni ina yakutali.

"Ndakhala ndikukuuza, iwe," anatero achemwaliwo, kumbuyo kukumveka makina oumitsira tsitsi. "Siya za mandimu ndi sopo wa pamsika. Pita kwa dokotala wa khungu. Kuli makapisozi amene amazizula ndi mizu yomwe. Kasitomala wanga wina anali woposa iwe, pano akuchita kusankha amuna ngati tomato."

"Zikakanika?"

"Zikakanika ubwere uzidzatsuka mitu kuno. Munthu akamatsukidwa m'mutu amatsinzina, sakuona."

"Mulibe chisoni, achemwali."

"Chisoni chinachizapo ndani?"

Dokotala wa khungu anali mayi wamagalasi, wosachedwa ndi nkhani. Anamutembenuza nkhope uku ndi uku pansi pa nyali, n'kumutumiza kukayezetsa magazi. Atabwerako ndi zotsatira, anamukhazika pansi.

"Mankhwalawa ndi amphamvu, ndipo mumwa kwa miyezi ingapo. Choyamba, mimba ayi. Ngakhale mwangozi."

"Adokotala, ndi nkhope iyi ngoziyo ichokera kuti?"

Dokotala sanaseke. Anamufotokozera za kulera mpaka anatsimikiza kuti wamva, kenako anafunsa, "Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimaimba lipenga m'bandi."

Mayiyo anaika cholembera pansi.

"Ndiye mumvetsetse. Makapisoziwa amaumitsa mafuta a pakhungu. Ndi mmene amathetsera ziphuphu. Koma sasankha poumitsa. Milomo imauma pafupifupi kwa aliyense, imasupuka, ina imang'ambika. Kwa munthu wa mu ofesi ndi vuto laling'ono. Kwa inu sindikudziwa. Muzipaka vaselini nthawi zonse, osadikira kuti iyambe yauma. Osasenda makoko ndi zala. Muzimwa madzi ambiri. Osanyambita, malovu amaumitsa kuposa mphepo. Ndipo ikang'ambika, lipengalo muliike pansi mpaka ipole, mubwere tidzachepetse mankhwala. Mwamva?"

Nanazi ananyambita milomo. "Ndamva."

"Chimene mwachitacho ndiye choyamba kusiya."

Poyamba ziphuphu zinakwiya. Zinatuluka ndi abale awo omwe, moti wa ng'oma wa m'bandi muja anafunsa ngati anamugulitsa feteleza m'malo mwa mankhwala. Kenako, mwakachetechete, zinayamba kusamuka. Pamphumi ndi pamene panayamba kusalala. Nanazi ankaima pa kagalasi kake kopachika pamsomali n'kumayendetsa chala pamalo pamene sanapaonepo poyera chichokereni kusukulu. Kondakitala wa basi, yemwe zaka zonse ankangomulozera mpando ndi chibwano, tsiku lina anati, "Asisi, khalani kutsogolo kuno."

Koma milomo inkalipira zonsezo. M'mawa ankadzuka itamatirirana, moti ankayamba waika kansalu ka madzi ofunda pakamwa asanayasamule. Inkasupuka timakoko toyera ngati mamba a nsomba, ndipo pansi pake pankatsala khungu lofiira, lopyapyala ngati la mwana wakhanda. M'mbali mwa kamwa munang'ambika timing'alu. Anasiya malalanje. Anasiya tsabola. Chakudya cha mchere ankachidutsitsa ndi supuni yaing'ono mosamala ngati akulowetsa ulusi pasingano. Tiyi ankamudikira azizire. Anaphunzira kuseka ndi mphuno, pakamwa pali chitsekere. Anagula timabotolo ta vaselini n'kutimwaza paliponse: m'chikwama, m'thumba la jekete, pansi pa pilo, pawindo la kubafa. Lilime lokha ndi limene linakana kumva. Ankalipeza lili panja kale asanalilole.

Ndiye panali nkhani ya lipenga. Kachitsulo koika pamlomo kamafuna pogwira. Pa vaselini kankaterereka ngati phazi pa sopo, mawu n'kumatuluka okhota. Amalume anamva kulakwikako asanatembenuke n'komwe. Atatembenuka anaona milomo ikunyezimira.

"Wadya chiyani chonona chosatigawira?"

"Ndi vaselini, amalume. Adokotala ndiwo anena."

"Adokotalawo anagwirapo lipenga?" Anatulutsa mpango m'thumba n'kumupatsa. "Pukuta. Mlomo wa woimba lipenga uli ngati chidendene, umakhwima ndi kuponda. Ukaudzoza mafuta ukuufewetsa, ndiye uzingosweka. Ife m'nyengo yozizira milomo inkachita ming'alu mpaka magazi. Unkatenga sipiriti pakathonje, kudinda pamenepo, kuluma mano, n'kupitiriza nyimbo. Taona," analoza kachizindikiro kawo kaja. "Aka sikanabwere ndi vaselini."

Amalume sanali munthu woipa, ndipo sankanama. Lamulo lawolo linawasunga moyo wawo wonse, linasunganso amene anawaphunzitsa iwo. Kungoti milomo yawo inkasweka ndi mphepo, yomwe imabwera n'kupita. Ya Nanazi inkaumitsidwa kuchokera m'kati, m'mawa uliwonse, ndi kapisozi amene ankameza yekha. Zimenezo amalume sankazidziwa bwino, ndipo Nanazi, yemwe ankazidziwa, anali atazolowera kuyambira ali mwana kuti pa nkhani ya lipenga mawu omaliza ndi a amalume.

Choncho anayamba kukhala ndi malamulo awiri. Kunyumba ndi m'basi ankamvera dokotala. Akafika pakhomo la chipinda choyesereramo ankapukuta milomo ndi mpango mpaka iume gwa, n'kunyambita, n'kuimba. Popuma ankadinda sipiriti, misozi n'kulengeza, amalume n'kugwedeza mutu movomereza. Potuluka ankapakanso vaselini wambiri ngati akupepesa.

Kubwerera kuchipatala kuti akachepetse mankhwala ankakuganizira ndithu. Koma masaya anali atangoyamba kusalala, ndipo kutsogolo kunali ukwati wa anthu olemera ku hotela yaikulu. Abwana anali atayamba kumuyang'ana nthawi yaitali akamadutsa, ngati munthu woyang'ana mbuzi imene yayamba kunenepa. Tsiku lina anabwera ndi pepala la pulasitiki n'kumuponyera pamiyendo. M'kati munali diresi lobiriwira, lonyezimira ngati mamba.

"Ndimasunga mawu anga ine," anatero. "Ukwati umenewu uli kutsogolo. Mkwatibwi akamalowa, anthu aziona iwe."

Nyimbo yolowera mkwatibwi inali ndi malo pamene zida zonse zimakhala chete, lipenga n'kukwera lokha mpaka pamwamba penipeni n'kukhala pamenepo. Nanazi ankafikapo mosavuta kuyambira kale, ali kuseri kwa sipika. Sabata la ukwatilo, pamene ankayeserera komaliza, anakoka mpweya, anakanikiza chitsulo, anakwera. Ali pamwamba anamva ngati ulusi waduka pakati penipeni pa mlomo wa m'mwamba. Mawu anasanduka mphepo. Atachotsa lipenga, kachitsulo kanali kofiira. Anatsegula kabowo kotayira malovu, pasimenti panagwa madontho a magazi.

"Eee, lipenga latha msinkhu!" anafuula wa ng'oma.

Ena anaseka. Amalume anabwera ndi kabotolo ka sipiriti. Anamugwira chibwano, n'kuyang'ana mng'aluwo nthawi yaitali kuposa masiku onse. Dzanja lawo linakayikira. Koma analibe mankhwala ena amene ankawadziwa, ndiye anadinda.

Masiku otsalawo mng'alu unkatseka ndi nkhanambo, iye n'kuutsegula poyesa kuimba, n'kuuwotcha ndi sipiriti, n'kuukwirira ndi vaselini. Tsiku lililonse unkalowa m'kati pang'ono.

Ukwati unali wa masana. A bandi anawapatsa kachipinda kosungiramo mipando pafupi ndi khitchini ya hotela kuti avaliremo. Nanazi anavala diresi lija, linamukhala ngati anamuyeza. Kenako anatseka chitseko, anaika lipenga pakamwa n'kuuzira. Munatuluka phokoso ngati la tayala lophulika pang'onopang'ono. Anayesanso. Ululu unakwera mpaka m'maso, magazi n'kutsikira pachibwano. Anawawakha ndi dzanja kuti asagwere padiresi.

Abwana analowa ndi amalume. Anayang'ana mlomo, anayang'ana diresi, anayang'ana wotchi.

"Sungathe?"

Nanazi anapukusa mutu.

Abwana sanakalipe. Anali munthu woganiza msanga zinthu zikavuta, n'chifukwa chake bandiyo inali isanafe.

"Chabwino. Madala, inu mupita kuseri kwa sipika, mutenge mbali yake. Iwe uima kutsogolo monga tinapangana. Maiki yako ndiizimitsa. Uzingoyendetsa zala, nyimbo ukuidziwa. Ufufumitse masaya kuti anthu aone kuti ukugwira ntchito."

"Woimba lipenga safufumitsa masaya," anatero amalume chapansipansi.

"Anthu sadziwa zimenezo. Ndipo upake lipisitiki wofiira kwambiri, magazi akatuluka asaoneke."

Amalume anayang'ana mwana wa mlongo wawo, kudikira kuti akane. Akanakana, iwonso akanakana. Nanazi ankadziwa zimenezo. Koma pakhoma la kachipindako panali potsamira chigalasi chachikulu chong'aluka pakona, ndipo m'menemo munaima mayi wa khungu losalala, wovala zobiriwira, atagwira lipenga. Anali asanamuonepo. Ankafuna kuti anthu enanso amuone, ngakhale kamodzi.

"Ndibwerekeni lipisitikiyo," anatero.

Anaima kutsogolo, nyali zikumuwomba kumaso. Kachitsulo anakaimika pafupi ndi mlomo osakhudza. Zala zinkayenda zokha. Kumanzere kwake, kuseri kwa chisipika, amalume ankaimba atawerama, thukuta likutsikira m'kolala. Atafika pamalo okwera paja, mpweya sunawakwanire. Anatsikira pa mawu a m'munsi n'kuwagwira monjenjemera. Nanazi anamva kulakwikako m'mafupa. Anadikira kuti wina mu holomo akweze nsidze.

Holo yonse inaimirira. Mafoni anali m'mwamba ngati chimanga m'munda, onse atamuloza iye. Mayi wina wonenepa wa chipewa chachikulu anakwera pa siteji n'kumukumbatira.

"Mwana wamkazi kuimba chonchi! Ndalira ine, mwanawe. Mulungu akusungire milomo imeneyi."

Wojambula anamuitanira pambali kuti amujambule yekha. Anamuuza kuti amwetulire. Nanazi sakanatha, mlomo ukanatseguka.

"Basi khalani choncho," anatero wojambulayo. "Nkhope yosaseka ikukukhalani. Mukuoneka ngati a m'magazini."

Sabata lotsatira anapita kuchipatala. Dokotala anayang'ana mng'aluwo pansi pa nyali, n'kufunsa chimene ankapakapo. Nanazi ananena zoona. Mayiyo anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Sipiriti. Pa bala lotseguka, pa khungu louma kale. Ndipo mukuimbabe."

"Ndinasiya, adokotala. Pano ndimangonamizira."

Dokotala sanafunse tanthauzo lake. Anachepetsa makapisozi, anamulembera mafuta ena opaka pabalapo.

"Kuumaku kudzatha mukadzamaliza mankhwala, musade nkhawa ndi zimenezo. Koma apa mwapang'amba kambirimbiri, ndipo palowa m'kati. Padzapola, koma padzapola ndi chipsera. Kudya muzidya, kuyankhula muziyankhula, munthu sadzazindikira n'komwe."

"Nanga lipenga?"

"Za lipenga sindingakulonjezeni kanthu."

Kuyambira pamenepo anamvera lamulo limodzi lokha. Sipiriti anamuthira m'sinki. Vaselini sankachoka pamlomo. Lilime analilimbana nalo ngati mwana wosamva, mpaka nthawi zina ankaliluma. Lipenga sanaliuzirenso, koma Loweruka lililonse ankavala diresi lobiriwira, kuima kutsogolo, kufufumitsa masaya, amalume ali kuseri kwa sipika. Vidiyo ya ukwati uja inayenda m'mafoni. Anthu osawadziwa ankamuimitsa pamsewu. Wa ng'oma anasiya kumuseka, n'kuyamba kumunyamulira chikwama. Nanazi ankadziuza kuti akungosunga malo ake mpaka mlomo upole.

Unapoladi. Panatsala kamzere koyera, kolimba ngati njere ya mpunga, pakati penipeni, pamalo pamene mlomo umanjenjemera kuti lipenga lilire.

Sanafune kuyesera pamaso pa a bandi. M'mawa wina ananyamula lipenga n'kupita kunyumba kwa amalume. Anawapeza pakhonde atavala vesiti, akupaka mafuta mabatani a lipenga lawo. Anamupatsa mpando osafunsa chimene wabwerera.

Nanazi anapukuta milomo. Anaika chitsulo. Mawu a m'munsi anatuluka, osasa ngati a munthu wa chimfine. A pakati anagawanika pawiri, ngati anthu awiri akukangana m'paipi. Atayesa kukwera, munangotuluka mphepo. Sizinkapweteka n'komwe. Pamalo pa chipserapo panali zii, ngati akuuzira ndi mlomo wa munthu wina. Anayesa mpaka galu wa nyumba yoyandikana anatopa kuuwa.

"Sunthira chitsulocho kumbali," anatero amalume. "Uchoke pachipserapo."

Anasuntha. Munatuluka kulira kwa mwana amene wagwira lipenga koyamba.

"Ndi mmene zimayambira. Uyambirenso ngati mwana. Pang'onopang'ono, zaka zingapo, mbali imeneyo ikhoza kuphunzira."

"Inu munaonapo amene anabwerera mwakale?"

Amalume anapukuta batani lomwe anali atapukuta kale. "Ndinamvapo."

"Sindinafunse zakumva, amalume."

Amalume anati, "Sipiriti uja, mwana wa mlongo wanga..."

"Musayambe. Mlomo ndi wanga, makapisozi ndinameza ndekha, adokotala anandiuza zonse ndili maso. Mukayamba kulira inu, ine nditani?"

Amalume anatsokomola nthawi yaitali, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Kuimba mbali ya Nanazi Loweruka lililonse kunkawamaliza. Iye anaona mmene vesiti inkawalendewera m'mapewa.

Masana a tsiku lomwelo anapita kukaonana ndi Abwana. Anawapeza okha m'chipinda choyesereramo, atayala chipepala chachikulu pamwamba pa sipika. Chinali chithunzi cholengezera bandi. Nkhope ya Nanazi inadzaza theka lonse, yosaseka, lipenga lili pachifuwa. Ena onse anali timitu ting'onoting'ono m'munsi. Amalume panalibe.

"Wabwera bwino! A hotela aja akutifuna Loweruka lililonse. Ndipo anena mosapsatira, akufuna mtsikana wa lipenga."

"Abwana, mlomo wapola. Koma sukulira. Mwina sudzaliranso."

Abwana anamuyang'ana ngati wawauza kuti kunja kuli dzuwa.

"Ndiye vuto lili pati? Tikuyenda bwino chonchi."

"Ine ndine woimba lipenga."

"Unkafuna kutsogolo, uli kutsogolo. Zaka zonse zija unkaimba ngati mngelo, ndani anakufunsapo dzina? Pano sukutuluka ndi thukuta lomwe, anthu akukulirira. Ena amapemphera kuti apeze ntchito yotere."

"Amalume akutha. Mwawamva mmene akutsokomolera?"

"Ndawamva, ndipo ndaganizira kale. Madala akatopa apume, agwira ntchito mokwanira." Anapita pa kiyibodi, anayatsa, anadina kabatani. Anakanikiza ndi chala chimodzi. M'chipindamo munalira lipenga, loyera, lokwera mpaka pamwamba penipeni paja, n'kukhala pamenepo mosanjenjemera, mosasowa mpweya. "Wamva? Ili silidwala milomo."

Nanazi anaima n'kumvetsera mpaka Abwana anachotsa chala. Linali lipenga lopanda munthu m'kati, lozizira ngati madzi a m'firiji. Ankadziwa kuti iye ndi amalume akhoza kulizindikira ali kutsidya kwa msewu. Ankadziwanso kuti mu holo muja palibe ndi mmodzi yemwe amene angalizindikire, ndipo mayi wa chipewa uja adzaliranso.

"Loweruka ufike msanga," anatero Abwana akupinda chithunzi. "Ndapeza diresi lina, lofiira."

Nanazi anayenda wapansi mpaka kunyumba, dzuwa likumuwotcha milomo. Atalowa m'chipinda anakhala pabedi n'kuimba foni.

"Achemwali, malo otsukira mitu aja alipobe?"

"Iwe! Ndi nkhope ndikuiona m'mafoni ija? Ndikuika pakhomo penipeni uzilandira makasitomala. Koma dikira, nanga bandi? Si iwe watchuka?"

"Watchuka ndi diresi. Ine mundiike kumbuyo, kusinki."

Makina oumitsira tsitsi anazima.

"Mlomo uja?"

"Eya."

"Bwera. Ukagona ndi ana, koma wamng'onoyo amakodza pabedi, usadzati sindinanene."

Nanazi anatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa kabati n'kuchikuntha fumbi. Analongedza zovala, nsapato, bulangeti, kagalasi ka pamsomali atakakulunga m'thaulo. Makapisozi otsala anawaika m'thumba la m'mbali. Anaganiza zowataya, koma anaona kuti kungakhale kupusa kawiri. Nkhopeyi anali ataigula kale ndi mlomo, ndiye kunali bwino aimalizitse. Anayenda m'chipindamo kutolera timabotolo ta vaselini, pansi pa pilo, pawindo, m'jekete, n'kutiponya pamwamba pa zovala.

Lipenga linali la Abwana. Analipukuta mpaka linawala, analigoneka m'bokosi lake, diresi lobiriwira analipinda n'kuliika pamwamba. Mwini nyumba adzawapatsa akadzabwera kudzamufuna. Kachitsulo ka pamlomo kokha ndi kamene kanali kake, amalume anamupatsa tsiku limene anafika pamwamba paja koyamba. Anakatsuka ndi sopo, anakayang'ana m'kati momwe munali mutada ndi zaka. Kenako anatsegulanso bokosi n'kukaika pamalo pake. Mtsikana amene Abwana adzamupeze sadzakafuna pouzira, koma lipenga lopanda kachitsulo limaonekera pachithunzi.

Kwa amalume anaganiza zodzawaimbira ali kale m'basi. Akanapita pamaso, akanamuuza kuti ayambirenso ngati mwana, ndipo iye akanavomera chifukwa chowamvera chisoni.

Chikwama chinadzaza kwambiri, zipi inakana. Anachikhalira ndi bondo, anagwira kachitsulo ka zipiyo. Asanakoke anapeza lilime lili kale pamlomo, likufufuza kamzere kolimba kaja. Analisiya. Panalibenso chimene likanawononga. Anakoka zipi mpaka kumapeto, n'kuimika chikwamacho pafupi ndi chitseko.